Crete kumapeto kwa Meyi ndi ana awiri: tikagone mbali iti kuti tione magombe komanso mabwinja?

Nachisale, Leeds

Moni nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene munafikako ku Crete, chilumba chachikulu chija cha ku Greece.

Ife timakhala ku Leeds, ine, bambo a kunyumba ndi ana athu awiri, mtsikana wa zaka 11 ndi mlongo wake wa zaka 7. Tikufuna kupita kumapeto kwa Meyi, sukulu zikapumira sabata ija. Koma m'nyumba muno mitima ili pawiri. Bambo ankaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale tisanabwere kuno, ndipo dzina la Knossos akhala akulitchula chikwatirane chathu. Akuti iwo akangoponda pabwalo la nyumba yachifumu ija, ulendo wawo wakwana. Ine ndimagwira ntchito usiku kuchipatala, thupi latopa, ndipo chimene mtima wanga ukulakalaka ndi mchenga wofunda ndi madzi osaya oti ana azisewera ine ndili chigonere kuwayang'ana. Zithunzi za Elafonisi ndi Balos ndaziona, ndipo ndikufunitsitsa ana anga akaone malo amenewo ndi maso awo.

Poyang'ana pamapu ndaona kuti Knossos ili pakati pa chilumba, pamene magombe amenewa ali kunsonga ya kumadzulo. Ndiye tikagone kuti? Kodi tichite hayala galimoto kapena mabasi akukwanira? Nanga mu Meyi madzi amakhala atafunda moti mwana n'kusambira? Ndikuopanso kuti wamng'onoyu akatopa ndi kuyang'ana miyala, n'kuyamba kulira, bambo ake ulendo n'kuwawawira.

Chomaliza, tonse tili ndi mapasipoti a Malawi. Za viza zikuyenda bwanji masiku ano? Zikomo kwambiri.

Nangozo, Manchester

Achemwali, mwasankha bwino. Ine ndinapita ndi mwana wanga wamwamuna, msinkhu wake ngati wa mtsikana wanuyo, ndipo mpaka lero nkhani ya Crete sikutha pakamwa pake. Koma choyamba chotsani m'mutu ganizo loti ndi kachilumba kozungulira tsiku limodzi. Kuchoka kum'mawa kukafika kumadzulo ndi makilomita pafupifupi 260, ndipo pakati pali mapiri ataliatali. La Psiloritis limafika mamita 2,456. Msewu wabwino ndi wa kumpoto, wodutsa Chania, Rethymno, Heraklion mpaka Agios Nikolaos. Mukangopatuka kulowera kumwera mwayamba kukhotakhota m'mapiri, ndipo mtunda wooneka waufupi pamapu umakudyerani maola awiri.

Langizo langa ndi limodzi: musagone malo amodzi. Gawani tchuthicho pawiri. Yambani ndi mbali ya Heraklion, masiku ochepa, bambo akhutire ndi mabwinja. Kenako musamukire ku Chania kapena ku Kissamos kuti inu mupume. Nyengo imeneyi ndege zochoka kuno ku Manchester zimapita mwachindunji ku Heraklion komanso ku Chania, ulendo wa maola pafupifupi anayi, choncho mutha kutera ku Heraklion n'kudzakwerera ku Chania osabwereranso m'mbuyo. Mukagona ku Heraklion sabata yonse n'kumati tikaone Elafonisi, tsikulo lidzathera m'galimoto, ana adzafika pagombe atakwiya kale.

Knossos ili makilomita 5 okha kumwera kwa Heraklion, ndipo basi ya m'tauni nambala 2 imakusiyani pageti. Matikiti guliranitu pa intaneti, ndipo fikani pamene akutsegula, 8 koloko m'mawa. Ikamakwana 10 mabasi akuluakulu a alendo amakhala atafika, mzere wokasuzumira m'chipinda cha mpando wachifumu watalika, dzuwa nalo likuswa mtengo, mthunzi uli wosowa. M'mawa muja pamakhala bata, mumangomva nkhanga zazikulu zamichira yaitali zija zikulira m'mitengo ya paini.

Za wamng'onoyo musade nkhawa. Usiku woti mawa mukupita, bambo ake amufotokozere nthano ya Minotaur, chilombo cha thupi la munthu mutu wa ng'ombe, chimene anachitsekera m'nyumba ya njira zosokoneza. Mzinda wa Athens unkatumiza anyamata 7 ndi atsikana 7 kuti chilombocho chidye, mpaka Theseus anachipha n'kutuluka potsatira ulusi umene Ariadne, mwana wamkazi wa mfumu Minos, anamupatsa. Mwana akafika pamalopo ali ndi nthano imeneyi m'mutu, tinjira tonse tija ndi masitepe otsikira pansi zimasanduka masewera. Wanga ankandikoka dzanja kuti tipeze pamene chilombo chinkagona.

Chimene chinandigwira mtima ine si mpando wachifumu ayi, ngakhale ndi mpando weniweni wamwala umene wakhala pamenepo zaka zoposa 3,000. Ndi zipinda zosungiramo chakudya za mbali ya kumadzulo, zazitali zopapatiza, zondandalikana, ndi mitsuko ikuluikulu yadothi imene ankasungiramo mafuta a olivi, vinyo ndi tirigu. Ina ndi yotalika kuposa munthu. Ili ndi timakutu tambirimbiri tolowetsamo zingwe poinyamula, ndipo woumba anaikongoletsa ndi dothi lopota ngati chingwe chozungulira mtsuko wonse. Ndinaima pafupi ndi umodzi nthawi yaitali. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa kuti nyumbayi sinali yongogonamo mfumu. Zokolola za dera lonse zinkasonkhana pano, kulembedwa, n'kugawidwa. Onaninso mapaipi adothi olowana kukamwa, amene ankabweretsa madzi, ndi ngalande zamiyala zotulutsa madzi amvula. Nyumba yoyamba pamalopa inamangidwa cha m'ma 1900 Yesu asanabadwe, inagwa cha m'ma 1700, n'kumangidwanso yaikulu kuposa poyamba.

Bambo akudziwa kale, koma inu ndikuuzeni kuti musadabwe: nsanamira zofiira zija, zonenepa kumwamba zowonda kunsi, si zakale ayi. Zenizenizo zinali zamitengo ndipo zinatha kalekale. Munthu woyamba kukumba pamalopa anali Minos Kalokairinos wa ku Heraklion komweko mu 1878. Kenako mu 1900 Arthur Evans wa ku Britain anayamba kufukula mwamphamvu, ndipo pambuyo pake anamanganso mbali zina ndi konkire monga mmene iye ankaganizira kuti zinalili. Dzina loti Minoan, lotchulira anthu akale amene anamanga nyumbayi, analitchukitsa ndi iyeyo, potengera mfumu Minos ya m'nthano. Akatswiri ambiri amamudzudzula kuti anapitirira malire. Ine ndimawamvetsa, komabe kwa mwana, ndi kwa munthu ngati ine amene sindinaphunzire zofukula zakale, zomanga za Evans n'zimene zimathandiza kuona kuti apa panali nyumba yosanjikizana, osati mulu wa miyala chabe.

Tsiku lomwelo, dzuwa likafika paliwombo, thawirani ku myuziyamu ya zofukulidwa m'tauni ya Heraklion, pafupi ndi bwalo la Eleftherias. Chonde musaidumphe. Zojambula za pakhoma zimene muona ku Knossos ndi zokopera. Zenizeni zili muno. Chotchuka ndi chija cha achinyamata atatu ndi ng'ombe yamphongo: wina wagwira nyanga, wina ali mozondoka pamsana pa ng'ombeyo, wachitatu watambasula manja kumbuyo kuti amuwakhe. Mukayandikira mumaona bwino tizidutswa tenitenito, tokhakhala ndi tothimbirira, ndi pamene anadzaza ndi utoto watsopano. Muli kachifanizo ka mkazi wogwira njoka m'manja onse awiri. Muli kamkanda kagolide ka ku Malia, njuchi ziwiri zitagwirizira kadontho ka uchi, kakang'ono koti n'kubisa m'chikhatho, koma timadontho ta golide take mpaka umadzifunsa kuti anagwira ndi chiyani. Mulinso chimbale chadothi cha ku Phaistos chimene anachipeza mu 1908, chodindidwa zizindikiro mozungulira mbali zonse ziwiri, mitundu 45 ya zizindikiro, ndipo mpaka lero palibe amene anachiwerenga. Zilembo zawo zotchedwa Linear A nazonso sizinamasuliridwebe. Za Linear B anazimasulira Michael Ventris mu 1952, n'kupezeka kuti ndi Chigiriki chakale kwambiri, ndipo zambiri mwa zolembedwazo ndi kaundula wa nkhosa, ubweya ndi mafuta.

Tsopano tibwere kwa inu, achemwali, nkhani ya mchenga.

Elafonisi ili makilomita pafupifupi 75 kuchoka ku Chania. Msewu umadutsa m'chigwa cha Topolia, pamene pali kamphanga kopapatiza kolowa galimoto za mbali imodzi panthawi. Kwa mwana wa zaka 7 palibe gombe loposa limeneli. Madzi ndi osaya mtunda wautali, oyera mbee, ndipo mumawoloka wapansi kupita pakachilumba ka tsidya, malo ambiri madzi akulekeza m'mawondo kapena m'chiuno. Koma za mchenga wapinki ndikuuzeni zoona: zithunzi za pa intaneti amaziwonjezera utoto. Upinkiwo ndi kamzere kamene kamakhala m'mphepete pamene mafunde akuthera, kochokera ku tizigoba tophwanyika ta tizilombo ta m'nyanja, ndipo masiku ena kamaoneka bwino, masiku ena pang'ono chabe. Mukagwada n'kutapa m'manja m'pamene mumaona timibulu tofiira tosakanikirana ndi toyera. Kutenga mchengawo n'koletsedwa, auzeni ana asadzaze m'botolo. Anthu ambiri amaunjikana pamene pali mipando yolipiritsa. Inu wolokani, yendani pang'ono pakachilumbako, mupeza kagombe kanu kopanda phokoso. Kumeneko kulibe sitolo kapena mthunzi, ndiye nyamulani madzi ndi ambulera.

Balos ndi yokongola zedi, makamaka mukaiona muli pamwamba pa phiri. Koma ndi ana ndingakulangizeni boti lochoka padoko la Kissamos, limene limaimanso pachilumba cha Gramvousa pamene pali linga la anthu a ku Venice la m'zaka za m'ma 1500. Bambo akakwere kulingako, inu mukusambira pansi. Njira ya pamtunda ndi msewu wafumbi wa miyala, makilomita pafupifupi 8, kenako kutsika wapansi, ndipo pobwerera chitunda chake masana ndi chowawa.

Koma ine gombe langa la pamtima ndi Falassarna, ndipo ndikuona kuti m'pamene banja lanu lingagwirizane. Mchenga wake ndi wotakasuka, gombe lalitali moti simupanikizana, ndipo layang'ana kumadzulo kotero dzuwa limalowera m'nyanja inu mukuona. Kumpoto kwa gombelo, ulendo wochepa, kuli mabwinja a doko lakale. Mu 365 Yesu atabadwa kunachitika chivomezi choopsa chimene mafunde ake anakawononga mpaka ku Alexandria ku Egypt, ndipo chinatukula mbali yonse ya kumadzulo kwa Crete. Ku Falassarna nthaka inakwera mamita oposa 6. Lero mumayenda wapansi pouma pamene zombo zinkakocheza, ndipo miyala yoboola yomangirira zingwe za zombo ikadalipo, nyanja ili uko. Bambo akatenge ana m'mawa kukaona zimenezi, inu mugone pamchenga.

Madzi kumapeto kwa Meyi amakhala ozizirirapo, cha m'ma digiri 20 kapena 21. Polowa thupi limachita tsembwe, koma mukakhalamo pang'ono mumazolowera, ndipo m'malo osaya ngati Elafonisi ndi Balos amafunda msanga ndi dzuwa. Ubwino wa Meyi ndi woti anthu sanachuluke, ndipo mphepo yamphamvu yochokera kumpoto, imene eni ake amaitcha meltemi, imavuta kwambiri mu Julayi ndi Ogasiti. Komabe tsiku lililonse yang'anani mbendera pagombe; ikakhala yofiira, ana asalowe. Kumbukiraninso kuti kuno si ku Senga Bay, madzi ndi amchere kwambiri ndipo amawawa m'maso, ndiye ana agulireni magalasi osambirira. Pamiyala pamakhala tizilombo takuda taminga, choncho nsapato za m'madzi n'zofunika. Mafuta oteteza kudzuwa pakani ndithu. Khungu lathu nalonso limapsa ndi kusupuka.

Mbewe, Luton

Mayi Nachisale, a Nangozo afotokoza bwino za malo. Ine ndingoyankha za mapepala ndi galimoto, poti ndi zimene zimalepheretsa anthu athu ambiri.

Chilolezo chanu chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Greece. Ndi pasipoti ya Malawi mukufunika viza ya Schengen, yolowera m'gulu la mayiko a ku Ulaya limene Greece ilimo, aliyense yake, ana omwe. Popeza mumakhala kuno movomerezeka, mupempha kuno komweko kudzera ku ofesi yolandira mafomu a viza za Greece. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke, ndiye yambani lero. Chovuta si fomu koma kupeza tsiku lokaonekera; chilimwe chikamayandikira masiku amatha msanga. Mtengo wa wamkulu ndi mayuro 90, wa ana a zaka 6 mpaka 11 ndi theka lake, kuphatikizapo ndalama ya ofesiyo. Mufunika inshuwalansi ya paulendo yokwana mayuro 30,000 pa zachipatala, umboni wa ndege ndi kogona, masitetimenti a kubanki, kalata ya kuntchito, makalata a kusukulu ndi zikalata za kubadwa za ana. Pasipoti ikhale ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lotuluka m'dera la Schengen. Posungitsa malo ogona sankhani oti mutha kubweza osataya ndalama, mpaka viza itatuluka.

Za galimoto: pakati pa matauni a kumpoto mabasi a KTEL ndi abwino, aukhondo, ndipo kuchoka ku Heraklion kufika ku Chania ndi maola pafupifupi atatu. Koma ndi ana awiri ndi katundu wa pagombe, galimoto imapepukitsa zinthu. Laisensi ya ku Britain imagwira ntchito. Amayendetsa kumanja, osati kumanzere monga kwathu ndi kuno, ndiye tsiku loyamba bambo ayende modekha, makamaka pamaraundabauti. Pamsewu waukulu muona oyenda pang'onopang'ono akukankhira galimoto m'mphepete kuti wothamanga adutse. Ndi chizolowezi chawo.

Werengani pepala la hayala musanasaine. Makampani ambiri inshuwalansi yawo sigwira pamsewu wafumbi, ndipo wa ku Balos uli m'gulu limenelo. Ine kampani ina inafuna kundilipiritsa kukalika kwa pabampa kumene kunalipo kale. Chinandipulumutsa ndi vidiyo imene ndinajambula pafoni potenga galimotoyo. Jambulani mbali zonse, matayala ndi galasi lomwe, wa kampaniyo ali pompo. Mpando wa mwana wamng'onoyo muupempheretu.

Ku hotelo adzakulipiritsani kamsonkho ka boma ka usiku uliwonse, kapadera pa mtengo munalipira pa intaneti. Si kuba, n'zovomerezeka. Nambala ya pangozi ndi 112.

Agogo Phiri, Nottingham

Mwanawe Nachisale, ndawerenga zonse ndipo ndikugwirizana ndi a Nangozo pa kugawa ulendo pawiri. Koma pali tsiku limodzi limene sanalitchule, ndipo kwa ine ndi limene linaposa onse. Mukadali ku Heraklion, tengani galimoto mulowere kumwera, kuchigwa cha Messara.

Poyamba imani ku Gortyna, makilomita pafupifupi 45. Uwu unali likulu la chilumbachi m'nthawi ya Aroma. Kuli khoma limene analembapo malamulo a mzindawo cha m'ma 450 Yesu asanabadwe, mizere pafupifupi 600 yosemedwa pamwala. Mzere wina umawerengedwa kuchoka kumanja kupita kumanzere, wotsatira kuchoka kumanzere kupita kumanja, choncho mpaka pansi. Amuna anuwo, poti ndi mphunzitsi, akafotokozere mtsikana wanuyo zimene zili pakhomapo, chifukwa ndi nkhani za m'banja zenizeni: ukwati, kusudzulana, chuma cha masiye. Lamulo linkati banja likatha mkazi atenge katundu amene anabwera naye, ndi theka la nsalu zimene analuka ali pabanjapo, ndipo ngati wolakwa ndi mwamuna amulipirenso. Mwana wamkazi ankalandira gawo pa chuma cha makolo, ngakhale linali theka la gawo la mlongo wake. Ine ndakhalapo pa milandu yambiri ya chuma cha masiye, ndipo ndinaima pakhoma limenelo mtima ukugunda, poona kuti anthu akale chotere anakhala pansi n'kulemba kuti mkazi asachoke chimanjamanja.

Pomwepo palinso mabwinja a tchalitchi cha Tito Woyera. Ndi Tito yemwe uja mtumwi Paulo anamulembera kalata, amene anamusiya ku Crete kuti aike akulu a mpingo m'mizinda yonse. Chigaza chimene Akhristu a kumeneko amachilemekeza kuti ndi chake chili m'tchalitchi cha Agios Titos m'tauni ya Heraklion; chinabwezedwa kuchoka ku Venice mu 1966. Polowa m'matchalitchi awo valani zophimba mapewa ndi mawondo.

Kuchoka apo pitani ku Phaistos. Pano ndisiyana pang'ono ndi a Nangozo. Knossos kaioneni, inde, koma konkire ya Evans ine inandisokoneza. Sindinkadziwa kuti chakale n'chiti, cha dzana n'chiti. Ku Phaistos akatswiri a ku Italy anafukula n'kusiya zinthu mmene anazipezera. Masitepe ake otakasuka ndi omwewo ankapondapo eni ake. Nyumbayo ili pachitunda, chigwa chonse cha mitengo ya olivi chili pansi panu, phiri la Psiloritis lili kumpoto, ndipo anthu ndi ochepa. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika Knossos, Phaistos, Malia, Zakros, Zominthos ndi Kydonia pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, onse pamodzi, ndiye musaganize kuti Phaistos ndi yotsalira.

Masana mukasambire ku Matala, pafupi pomwepo. Gombe lake lili pakati pa matanthwe, ndipo thanthwe la kumanja ndi lobooledwa mapanga amene m'nthawi ya Aroma anali manda. Ana amaloledwa kukwera n'kulowamo mukalipira pageti. Madzi a pamenepo amazama msanga, wamng'onoyo musamutaye diso.

Ngati mphamvu zilipo, kum'mwera chakum'mawa kwa Matala kuli kamudzi ka Kaloi Limenes. Ndi padoko paja pa Machitidwe 27, pamene chombo chotenga Paulo kupita ku Roma chinakocheza, iye n'kuchenjeza kuti asapitirire chifukwa nyengo yaipa. Sanamumvere, namondwe anawakankha kudutsa kachilumba kamene lero ndi Gavdos, mpaka chombo chinakasweka ku Malta, anthu onse 276 n'kupulumuka. Pachitunda pali katchalitchi kakang'ono koyera ka Paulo Woyera. Musayembekezere malo okongoletsedwa. Pakachilumba ka patsogolo pake pali matanki a mafuta a sitima, ndipo msewu wake ndi wokhotakhota. Koma ine ndinawerenga mutu umenewo nditakhala pamenepo, mphepo ikuwomba, ndipo chiyambire kuulalikira sindinaumvepo chotero.

Nachisale, Leeds

Zikomo kwambiri nonse, mwatitsegula maso. Agogo, bambo a kunyumba awerenga za Gortyna ndipo atulutsa kale mabuku awo. A Mbewe, tsiku lokaonekera ku viza tayamba kulisaka usiku womwe uno.

Tagwirizana kuti titere ku Heraklion, tione Knossos ndi myuziyamu, tsiku lotsatira kumwera, kenako tisamukire kumadzulo. A Nangozo, ndifunsenso ziwiri. Kumadzuloko tigone m'tauni ya Chania kapena ku Kissamos? Ndipo chakudya chake n'chotani? Wamng'onoyu ndi wosankha kwambiri. Bambo akutchulanso zoyenda m'chigwa cha Samaria; ndi ana n'zotheka?

Nangozo, Manchester

Samaria ulendo uno isiyeni, achemwali. Ndi makilomita 16 wapansi, kuyambira pamwamba pa phiri mamita oposa 1,200 kutsika mpaka kunyanja ku Agia Roumeli, kumene kulibe msewu wa galimoto. Mumatulukako paboti kenako basi. Ndi tsiku lathunthu, miyala yokhayokha, ndipo mwana wa zaka 7 adzafuna kuberekedwa pakati panjira. Ngati bambo akufunitsitsa, apite okha ndi gulu la alendo, inu mukhale pagombe ndi ana. Kapena nonse muyende chigwa cha Imbros, chimene ndi theka la mtunda umenewo.

Pogona, ine ndingasankhe Kissamos kapena midzi yoyandikana nayo. Ndi tauni wamba yopanda phokoso, mitengo ya nyumba ndi yotsikirapo, boti la ku Balos limanyamukira pomwepo, Falassarna ili pafupi, ndipo msewu wa ku Elafonisi umayambira chapomwepo. Chania mukaione madzulo amodzi kapena awiri: doko lakale la anthu a ku Venice, nsanja ya nyali kumapeto kwa khoma la m'nyanja, mzikiti wa m'nthawi ya Aturuki m'mbali mwa madzi, ndi tinjira topapatiza ta m'tauni yakale. Yendani pakhomalo mpaka kunsanja dzuwa likamalowa, koma mwana mumugwire dzanja poti mbali ina ilibe chotchinga. Musadye m'malesitilanti oyang'ana padoko amene amakuitanirani pakhomo. Lowani mkati misewu iwiri itatu, kumene kukudya eni dziko. Pochoka ku Heraklion muthanso kuima ku Rethymno kudya nkhomaliro, n'kukwera kulinga la Fortezza.

Chakudya sichidzakuvutani. Wamng'onoyo adzadya souvlaki, nyama yowotcha yotungidwa pakamtengo, ndi tchipisi, kapena gyros yokulunga m'buledi wopyapyala. M'mawa mugulireni bougatsa kapena kalitsounia, timikate tokhala ndi tchizi chofewa mkati, tina tothira uchi. Inu yesani dakos: buledi wouma gwa wa balere, amamunyowetsa pang'ono, n'kuikapo tomato wopala, tchizi choyera cha mizithra ndi mafuta a olivi ambiri. Mukaona horta pamndandanda itanitsani, ndi masamba owiritsa othira mafuta ndi mandimu. Nyengo yotentha nthawi zambiri amakhala vlita, amene ndi bonongwe. Ine nditamulawa ndinaitanitsa mbale yachiwiri. Nsomba yatsopano amagulitsa pa kilo, ndiye funsani mtengo ndipo aiyeze inu mukuona asanaiwotche.

Mukamaliza kudya musathamangire kupempha bilu n'kunyamuka. Malo ambiri amabweretsa zipatso kapena kakeke ndi kabotolo ka raki, kachasu wawo wa mphesa, zaulere, ngati kuthokoza mlendo. Ngati simumwa ingonenani mwaulemu, sakhumudwa, koma amene akuyendetsa galimoto asakhudze, ndi waukali. Ana aphunzitseni kunena kalimera m'mawa ndi efharisto pothokoza. Agogo a m'midzi muja amakondwera nazo kwambiri ndipo ana amawapatsa malalanje kapena masiwiti.

Kanthu kena koti muwauziretu ana: m'zimbudzi zambiri mapepala saponya m'chimbudzimo koma m'kabini kali pambali, chifukwa mapaipi ake ndi aang'ono. Ndipo Lamlungu masitolo akuluakulu amakhala otseka, ndiye madzi, buledi ndi zipatso za ku Elafonisi mugule Loweruka.